Ndege Imene Inadumpha Jenala

Nazimbiri analota masanasana, dzuwa lili paliwombo, atakhala tsonga pabenchi ya chipatala chaching'ono cha kwawo. Anali asanagone masiku awiri, ndiye tulo tinangomugwira pomwepo, chikwama cha matewera chili pamiyendo.

M'malotomo zinthu zinayamba monga momwe zinalili kunja kwa maloto. Mwana wake wotsiriza, Jenala, anali atayamba matenda dzulo lake, mimba yoyamba. Anesi anali atanena kale kuti mwana sakutsika, pafunika chipatala cha ku boma. Ambulansi inalipo, itaima kuseri kwa thanki ya madzi, koma mafuta inalibe kuyambira mwezi watha. Mkamwini wake Fanuwelo anali atapalasa njinga mpaka kutauni ndi chigubu, n'kubwera nacho chikungolira mphepo. M'chipinda munatentha kwambiri, choncho Jenala anamugoneka panja pamkeka, pakati pa mjigo ndi mpanda wa tchalitchi.

Kenaka ndege inabwera. Inali ya asilikali, yamawangamawanga ngati yunifolomu yawo, ndipo inauluka chapansipansi mpaka malata analira. Chithunzithunzi chake chinachokera kumjigo, n'kukwera pa Jenala, n'kutsikira mbali ya kutchalitchi. Itapita, zonse zinaima. Madzi a pamjigo anatsala m'malere ngati chingwe, osafika m'ndowa. Mbuzi inatsala kukamwa kuli yasa, kulira kutathera pakhosi. Fanuwelo anauma ali chiimire, chigubu kumanja. Anesi anauma pakhomo, phazi limodzi panja.

"Amayi," Jenala anatero, "zasiya kuwawa."

Wina akanathokoza Mulungu. Nazimbiri anakolopa ndi kuchapa m'chipinda cha amayi obereka zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ankadziwa kuti ululu ukasiya mwana asanatuluke, si mpumulo umenewo. Anagwada n'kuika khutu pamimba.

"Agogo, mwaswera bwanji?" mwana wam'mimbayo analankhula. Mawu ake anali aulemu, ngati a kalaliki wa kukhoti.

"Ndaswera. Tuluka."

"Ndinali m'njira, agogo, koma andidumpha."

"Wakudumpha ndani?"

"Sindinamuone nkhope. Wadutsa pamwamba. Ndapota nanu, kamuuzeni abwerere. Akapanda kutero, ine sindisuntha."

Mwambowo aliyense amaudziwa. Ukadumpha munthu amene wagona pansi, makamaka mwana kapena mayi wapakati, umabwerera n'kumudumphanso, kuyambira mbali imene unatsikira kupita mbali imene unachokera. Ukatero wamasula. Ukapanda kutero mwana sakula, ndipo wam'mimba sapeza njira. Nazimbiri sankazitengera kumtima zimenezi. Iye anaona ndi maso ake kuti chimene chimapha amayi ndi kutaya magazi ndi kutalika kwa msewu. Koma apa mwini wake wa mlandu anali atanena yekha, ndiye panalibe zokangana.

Chitseko cha chipinda chosungira mankhwala chinatseguka, ndipo munatuluka Sisitala Mgwadira, amene Nazimbiri anagwira nawo ntchito zaka zambiri. Anali ndi kachipewa kawo koyera, ndipo anaoneka kuti anenepako.

"Sisitala, si inu tinakuikani m'manda chaka cha chiwala chija?"

"Munandiika. Ndabwera kudzaona mankhwala, ndapeza makatoni okhaokha." Anawerama n'kugwira zala za kumapazi kwa Jenala. "Kuzizira kwayambira kuno. Kukwera. Kukafika pamchombo, ukatenge nsalu ziwiri, ina yaikulu ina yaing'ono."

"Nanga ndegeyo ndiipeza kuti? Ine ndilibe mapiko."

"Katsekule chitseko cha kumbuyo kwa ambulansi. Mafuta ake analowera kumeneko, njira ilipo. Ndipo Nazimbiri, usakagwade."

Nazimbiri anamanga chitenje chake kolimba n'kupita. Pampando wa dalaivala panali nkhuku itafungatira mazira, nayonso itauma. Anakoka chitseko cha kumbuyo, n'kuponda, n'kupezeka ali m'ndege.

Munali mozizira bwino, mukununkhira nkhuku yootcha ndi sopo wokwera mtengo. Pansi anayalapo kapeti. M'makoma munali zitsulo zokolekapo machira a odwala, Nazimbiri anazizindikira msanga, koma anali atakolekapo majekete. Makatani onse anali otseka. Kutsogolo kunakhala msilikali woyendetsa ndegeyo, khosi gwa, osacheuka. Pakati panali sofa, ndipo pasofapo panakhala bambo wonenepa bwino, wa suti yakuda, akuwerenga pepala mokweza, dzanja lina lili m'mwamba.

"Abale anga, nthawi ino ndi yovuta. Tiyeni tidzimane. Pamene tingathe kuyenda pansi, tiyeni tiyende pansi." Anaima kaye. "Matewere, pamenepa aombe m'manja?"

"Aombe, Olemekezeka," anayankha bambo woonda amene anaima pambali atakumbatira fayilo.

Woondayo anali mlembi. Wonenepayo anali Nduna, a Gwedeza. Nazimbiri anawadziwa chifukwa nkhope yawo inali pansalu imene anapatsidwa nthawi ya chisankho, imene tsopano ankakolopera kunyumba. A Ndunawo ankapita chigawo china kukaphunzitsa anthu kudzimana, kenaka abwerere kukadya chamadzulo kwawo.

Nazimbiri sanayambe ndi iwo. Anaponda pakapeti mwamphamvu.

"Iwe ndege, ndiwe wadumpha mwana wanga?"

Ndegeyo inayankhira pansi, mawu ake akulowera m'mapazi.

"Pepani, mayi. Ine ndilibe mwendo wangawanga. Anandigula kuti ndizitola anthu pamadzi osefukira ndi kunyamula ovulala. Chaka china ndinatsitsa amayi khumi ndi awiri mumtengo umodzi. Masiku ano ndimanyamula sofa. Wadumpha mwana wanu ndi amene wakhala pasofapo."

Itatero inameza kuti gudyu, ndege yonse n'kunjenjemera.

"Chimenecho ndiye chiyani?"

"Ndameza mafuta a mwezi uno a ambulansi ya kwanu. Tisanafike kumene tikupita ndimeza a ambulansi zina zisanu ndi a chigayo chimodzi. Sindimva kukoma, mayi."

Apa a Matewere anali atamuona. Anabwera chamsangamsanga, fayilo patsogolo ngati chishango.

"Mayi, mwalowa bwanji muno? Muli ndi kalata?"

"Ndili ndi mwana amene akufa pamkeka."

"Pepani kwambiri. Koma kalata?"

Nazimbiri anawakankhira pambali ndi chigongono, n'kuima pamaso pa a Nduna. Maondo ake, amene anazolowera moyo wonse kugwadira amuna a masuti, anayamba kupinda okha. Anawagwira ndi manja n'kuwaongola.

"Bambo, mwana wanga wakanika kubereka. Ambulansi ilibe mafuta. Ndege ino ili ndi malo a machira, ndawaona. Tsikani, mumunyamule, mukamusiye ku boma. Simuchedwa, tiyi wanuyu sazizira n'komwe."

A Gwedeza anamuyang'ana mwachifundo chenicheni, ngati mmene munthu amayang'anira mvula imene ikugwa kwa eni ake.

"Mayi, ndamva. Boma likudziwa za vuto la mafuta, ndipo n'chifukwa chake ndili paulendo uno. Koma ndege ino ndi ya ntchito za boma."

"Nanga kubereka ndi ntchito ya ndani? Anthu amene mumawalamulirawo mumawatola kumsika?"

"Pali ndondomeko, mayi," a Matewere analowerera. "Mulembe kalata, idutse m'maofesi atatu. Masabata awiri yankho mulandira."

"Amayi anu anakuberekani ndi kalata, inu?"

A Matewere anatsegula fayilo kuti aone, koma sanapezemo.

Nazimbiri anali munthu wosataya nthawi ndi khomo lotseka. Chachikulu chakanika, anapempha chaching'ono.

"Chabwino. Ndege khalani nayo. Koma mwamudumpha. Munadutsa pamwamba pake ali chigonere, ndipo mwana wakana kutuluka. Tsikani, mukamudumphe chobwerera ndi miyendo yanuyo. Sizifuna mafuta zimenezo."

"Ine sindinadumphe munthu aliyense. Ndakhala pano chikhalire."

Nazimbiri anakoka katani mpaka anang'ambika.

"Taonani pansipo!"

Pansi panali mzere wautali, waukulu ngati chithunzithunzi cha ndegeyo, wochokera mumzinda waukulu n'kudula dziko lonse ngati mkwasa wa nyerere. Chilichonse cha mumzeremo chinali chitaima. Magalimoto odikira mafuta, ndi anthu ake atagona pansi pake. Amayi ozungulira chigayo chozima, malichero pamutu. Ana a sukulu atakhala pafumbi, zala zili m'mwamba. Maliro ena atanyamulidwa pamapewa, onyamulawo phazi lili m'malere. Pakati pa zonsezo panali kamkeka, ndi Jenala wamng'ono ngati nyemba.

A Gwedeza anaphimba nkhope ndi pepala la mawu awo.

"Tsekani, mayi, tsekani! Adokotala anandiletsa kuyang'ana pansi. Ndimachita chizungulire."

Pamenepo a Matewere anawerama n'kuwanong'oneza. Nazimbiri anamva zonse, chifukwa m'maloto mulibe manong'onong'o. Ankati chimenechi chikhoza kukhala chinthu chabwino. Nduna yolemekeza chikhalidwe. Nduna yotsika kukakhala ndi anthu. Zithunzi zikatuluka mawa lomwe.

A Nduna anatsitsa pepala pang'ono.

"Kuli anthu kumeneko?"

"Alipo," Nazimbiri anayankha, "koma auma."

"Ndiye abwino amenewo," a Matewere anatero. "Sasokoneza."

Ndege inatembenuka, inameza kawiri, n'kutera pafupi ndi mjigo. Nazimbiri anatsika woyamba n'kuthamangira kumkeka. Anagwira mapazi a Jenala, anali ngati mwala wa kumtsinje. Anagwira akakolo, chimodzimodzi. Kuzizira kunali kutafika m'maondo.

"Amayi, miyendo sindikuimva."

"Limba mtima. Ndabwera naye. Angodumpha basi."

Koma kudumpha basi kunalibe. A Matewere anatsegula fayilo yawo n'kutulutsamo tenti. Anatulutsamo mipando ya pulasitiki makumi angapo, tebulo la nsalu yoyera, maluwa a pepala, chimkuzamawu ndi kamera yoima ndi miyendo itatu. Anthu ouma aja anawanyamula mmodzimmodzi ngati matumba, n'kuwakhazika m'mizere, n'kuwaphatikiza manja kuti aoneke ngati akuomba. Fanuwelo anamuika kutsogolo, koma chigubu anamulanda n'kuchibisa kuseri kwa tebulo. Anesi anawaika pafupi ndi maluwa. Kapeti anamukoka kuchokera pakhomo la ndege mpaka pamkeka, kuti a Nduna asaponde fumbi.

"Bambo inu," Nazimbiri anakuwa, "ndi ukwati umenewu?"

"Dekhani, mayi. Poyamba pemphero, kenaka mawu a Olemekezeka."

Pemphero anapemphera a Matewere omwewo, ndipo linatenga maondo onse. Mawu a Olemekezeka anatenga ntchafu. Anathokoza amayi a dziko lino chifukwa chopirira. Ananena kuti mavuto a mafuta si a kuno kokha, afika ngakhale kumayiko a azungu. Ananena kuti iwo eni ake anabadwira m'mudzi, pamkeka ngati umenewu, ndipo taonani lero. Anauza anthu oumawo kuti aliyense achepetse maulendo osafunika. Nazimbiri anali atagwada pambali pa mwana wake, dzanja lili pantchafu pake, akumva kuzizira kukukwera pansi pa chikhato chake ngati madzi m'ndowa. Milomo ya Jenala inayamba kutuwa.

"Tsopano," a Matewere analengeza pachimkuzamawu, "mwambo wodumpha."

Anawagwira a Nduna pamkono n'kuwaimika m'mphepete mwa mkeka, mbali ya kumjigo. Kumeneko dzuwa linkawala bwino pankhope, ndipo ndege inkaoneka yonse kumbuyo kwawo.

Nazimbiri anadzambatuka.

"Iyayi! Osati mbali imeneyo! Ndege inachokera kumeneko! Ayambire kutchalitchi, abwerere kumjigo!"

"Kutchalitchi kuli mthunzi, mayi. Chithunzi chida."

"Muphetsa mwana wanga ndi chithunzi chanucho!"

A Matewere anakweza chimkuzamawu, nyimbo ya chipani inabuma, mawu a Nazimbiri n'kumira. A Gwedeza anamanga batani la jekete, anamwetulira kamera, n'kutambasula mwendo osayang'ana pansi. Anadumpha bwinobwino, kuchokera kumjigo kutsikira kutchalitchi, momwe inadutsira ndege. Kamera inaphethira. A Matewere anachonga mufayilo.

Jenala anabuula kamodzi, maso n'kutembenuka. Nazimbiri anaika khutu pamimba.

"Agogo," mwanayo analankhula, koma mawu ake tsopano ankamveka patali, ngati munthu wa m'chitsime, "ndi ulemu wonse, andidumphanso. Tsopano ndi kawiri, mbali imodzi. Muno mwayamba kuzizira."

Nazimbiri anagwira chiuno cha Jenala. Chinali chitazizira. Pakati pa kuzizirako ndi mchombo panatsala malo a zala zinayi.

Anaimirira pang'onopang'ono. A Nduna anali atayamba kale kuzungulira chakumapazi kwa Jenala, kulunjika kundege, a Matewere akuwayalira kapeti patsogolo.

"Bambo, simunathe."

"Mwambo watha, mayi," a Matewere anayankha osacheuka. "Papulogalamu palembedwa kudumpha kumodzi. Olemekezeka akudikiridwa kwina."

"Mwamanga kawiri. Mumasula kawiri."

"Lembani kalata."

Nazimbiri anawatsatira a Nduna. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchito m'chipatala, ananyamula anthu olemera ambiri, amoyo ndi akufa, ndipo ankadziwa pogwira. Sugwira mkono, munthu amakupulumuka. Sugwira jekete, amakusiyira. Umagwira kuseri kwa bondo. Anawerama n'kulowetsa dzanja pamenepo, lina n'kugwira lamba kumbuyo, ndipo a Gwedeza anapezeka akubwerera chafutambuyo, mwendo umodzi uli m'mwamba ngati tambala.

"Mayi! Mukudziwa kuti ndine ndani?"

"Ndimakudziwani. Nkhope yanu ndimakolopera tsiku lililonse."

Anali olemera kuposa munthu aliyense amene anamunyamulapo. M'mimba mwawo munkalira khuvukhuvu ngati mgolo wodzaza, ndipo thukuta lawo linkanunkha dizilo. Nazimbiri anawakokera mbali ya kutchalitchi, anawaimika m'mphepete mwa mkeka, n'kuuponya mwendowo kutsidya. Mwendo winawo unatsatira wokha poopa kugwa. Kapeti kunalibe kumeneko. Nsapato zinatera pafumbi, ndipo Nazimbiri anaona kunsi kwake kuti kunali kosalala ngati zili m'sitolo, kopanda ndi kamkwala komwe.

"Kamodzi," anatero.

"Asilikali!" a Gwedeza anakuwa. "Asilikali!"

Msilikali uja anatulukira pakhomo la ndege. Anali munthu wamkulu ndithu, wa imvi m'mbali. Anayang'ana a Nduna, anayang'ana Jenala pamkeka kwa nthawi yaitali, kenaka anaimika thupi n'kupereka sawatcha.

"Bwana, lamulo limene ndinalandira ndi loyendetsa ndege. Za mwendo wanu sanandiuze."

Kumbuyo kwake ndege inazima yokha. Mawu ake anabwera kudzera m'nthaka: "Ndidikira, mayi. Ndikaima sindimeza."

A Matewere anathamangira kuti alanditse bwana wawo, fayilo ili m'mwamba.

"Bambo inu," Nazimbiri anawauza osasiya lamba, "ine ndakolopa zinthu zonunkha kuposa inu. Yandikirani muone."

A Matewere anaima pomwepo, n'kuyamba kufufuza mufayilo ngati muli ndime ya zimenezi.

Panatsala kamodzi, ndipo kameneka kanali kovuta. Kunafunika kuwazungulitsa chakumapazi, kuwabwezera mbali ya kutchalitchi, n'kuwadumphitsanso. A Nduna anali atadziwa tsopano chimene chikubwera. Anakanirira zidendene pansi. Anagwira chitsulo cha tenti, tenti n'kugwa. Anagwira tebulo, maluwa a pepala n'kumwazika. Anagwira Fanuwelo, koma munthu wouma sagwirika, anangogubuduka ndi mpando wake womwe. Nazimbiri anakoka. Msana unalira, mano anakukutika, chitenje chinamasuka n'kutsala m'fumbi, koma anakoka. Malo ongoyenda mapazi asanu anamutengera ngati ulendo wa ku boma.

Atawafikitsa, anawakanikiza pakhosi kuti awerame, apeze pogwira bondo. Ndipo poweramapo a Gwedeza anayang'ana pansi.

Anasiya kulimbana. Anayang'ana nkhope yotuwayo, milomo yosweka, mimba yoima njo, nsalu yonyowa, ntchentche itauma pachikope.

"Ameneyu ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Jenala. Zaka makumi awiri ndi zitatu. Amasoka mayunifolomu a ana a sukulu. Anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka kuti akuvotereni."

"Anali pomwepa nthawi yonseyi?"

"Mwamudumpha katatu, bambo."

"Kumwamba kuja," a Gwedeza anatero, "ndimaona ngati ndi minda."

Nazimbiri analibe nthawi yowamvera chisoni. Munthu akafuna kulapa akalape kwa abusa. Anagwira pamimba pa Jenala ndi dzanja limodzi. Panatsala chala chimodzi.

"Kwezani mwendo."

"Sukukwera, mayi. Ndikunena zoona. Nditayang'ana pansi wachita dzanzi."

"Ndiye ndikweza ndine."

Analowetsa manja onse awiri kuseri kwa bondo n'kunyamula. Mwendowo unadzuka pang'onopang'ono ngati mtengo wauwisi. Unafika pamwamba pa mkeka. Unafika pamwamba pa mimba. Pamenepo ndiye panamveka mawu ena.

"Amayi."

Sanachokere pamkeka. Sanachokere kwa Fanuwelo amene anagubuduka ndi mpando uja, chifukwa ameneyo anali chigonere, kukamwa kotseka. Anachokera kunja, kuseri kwa dzuwa.

"Amayi, pepani. Amayi, dzukani. Anesi akukuitanani."

Anali Fanuwelo weniweni. Nazimbiri anayamba kumva thabwa la benchi likumudinda kumatako. Anamva chikwama cha matewera pamiyendo, ndi thukuta likutsika m'khosi. Tenti inayamba kuyera ngati nsalu yochapidwa kambiri. A Matewere anasanduka fayilo yokha, kenaka fayiloyo inasowa. Buluku la a Nduna linayamba kupyapyala m'manja mwake.

Iye ankadziwa kumene ankamuitanirako. Kumeneko kunalibe Nduna yoigwira mwendo. Kunali benchi, khomo lotseka, ndi anesi amene akaitana mayi wa wodwala amaitanira chimodzi mwa zinthu ziwiri. Akuluakulu kumeneko amangomveka kulira kwawo m'mitambo, ukakweza maso apita. Kuno kokha ndiye anali atagwira mmodzi, ndipo anali asanamalize naye.

"Amayi..."

Chimene chinamupulumutsa n'chakuti mkamwini sagwedeza apongozi ake. Fanuwelo analeredwa bwino. Akanaima mapazi atatu kutali, manja kumbuyo, n'kumaitana mpaka mawu kutha, koma kumukhudza paphewa sakanayerekeza. Nazimbiri anafinya maso kwambiri, n'kuluma mlomo, n'kulowetsa zikhadabo m'bulukumo mpaka anamvanso mnofu.

"Ndidzuka akaponda," anatero, ndipo sanadziwe ngati wanenera m'maloto kapena pabenchi.

"Mayi, ndigwa," a Gwedeza analira. "Ndimugwera."

"Mukamugwera ndikudyani amoyo. Pondani uko!"

Anakankha ndi phewa, ndi mutu, ndi zaka zake zonse makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu. Nsapato inatsika mbali ya kumjigo n'kugunda fumbi. Inzake inakwekwereza m'malere, inalendewera pamwamba pa mchombo wa Jenala kanthawi kotalika ngati chaka cha njala, kenaka nayo inatera.

Madzi a pamjigo anagwera m'ndowa kuti khwaa. Mbuzi inamaliza kulira kwake. Jenala anakoka mpweya, n'kukuwa mokweza mpaka nkhuku inabulika m'ambulansi, ndipo Nazimbiri sanamvepo mawu okoma ngati kukuwa kumeneko.

Kenaka kunali zii.

Anadikira, atagwirabe bondo lija. M'kati mwa ziiyo munatuluka kamawu kakang'ono, kopyapyala, kokalipa, kopanda ulemu ngakhale pang'ono. Sanathe kudziwa ngati kachokera pamkeka kapena kuseri kwa khomo limene Fanuwelo anaimapo.

"Mayi," a Nduna ananong'ona, "ndisiyeni tsopano."

"Khalani chete ndimve."

Sanausiye mwendowo mpaka atakamva kachiwiri.